Chilango Chopanda Tsiku Lotulukira: Kuunikanso Zilango za Opezeka Olakwa pa Mlandu Wakupha

Chilango cha kundende chimabwera m'njira ziwiri. Pali chomwe woweruza amatchula zaka, ndipo mkaidi, abale ake ndi akuluakulu a ndende amatha kuwerengera tsiku lomwe adzatuluke. Palinso chomwe sichitchula tsiku: munthu amalowa, koma palibe pepala lonena kuti adzatuluka liti. M'Malawi muno chilango chachiwirichi chimagwera makamaka anthu opezeka olakwa pa mlandu wakupha, ndipo chimaoneka m'mitundu itatu. Woyamba ndi kukhala kundende moyo wonse. Wachiwiri ndi chilango chonyongedwa, chomwe chidakalipo m'malamulo ngakhale boma silinanyonge munthu kuyambira 1992, kotero wolandira chilangochi amangokhala kundende osadziwa mathero ake. Wachitatu ndi wa omwe anapha asanakwanitse zaka 18 komanso omwe bwalo linawapeza kuti anali odwala misala, amene malamulo akale ankati asungidwe mpaka mtsogoleri wa dziko kapena nduna idzaone kuti nkoyenera kuwatulutsa.

Mlandu wakupha suzengedwa ndi majisitireti. Munthu akamangidwa ku Mponela, ku Madisi, ku Mvera kapena kwa Nthondo ku Ntchisi, bwalo la majisitireti limangomutumiza ku Bwalo Lalikulu, lomwe kwa anthu a chigawo chapakati lili ku Lilongwe ndipo nthawi zina limakakhala m'maboma kukamva milandu yotere. Podikira mlandu munthu amasungidwa pa limandi, ambiri ku ndende ya Maula. Ogamulidwa kuti anyongedwe ankapita nawo ku ndende yaikulu ya Zomba, yomwe inamangidwa mu 1935. Kuchokera kumapiri a Dowa ndi Ntchisi kukafika ku Zomba ndi ulendo wa makilomita oposa 300, wokwera galimoto kangapo, ndipo banja lodalira fodya, soya ndi mtedza wa kamodzi pachaka silingaukwanitse kawirikawiri. Ndi chifukwa chake akaidi ambiri a zilango zazitali ankaiwalika kwawo, ena mpaka kumayesedwa kuti anafa kalekale.

Muzu wa nkhaniyi ndi gawo 210 la malamulo a milandu ndi zilango, omwe dziko lino linatengera kwa atsamunda a ku Britain. Gawoli linkanena kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha anyongedwe, basi. Woweruza analibe mpata wosiyanitsa wachifwamba wopha mokonzekera ndi mnyamata yemwe anamenya mnzake pa mowa kamodzi kokha mnzakeyo n'kufa, kapena mayi yemwe anabwezera mwamuna womuzunza zaka zambiri. M'nthawi ya ulamuliro wa Kamuzu Banda, kuyambira cha m'ma 1970, milandu yakupha inkazengedwa m'makhothi a mafumu a m'zigawo, momwe woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Anthu a ku Dowa amaidziwa bwino nyengo imeneyo, pakuti Dzaleka, yomwe kuyambira 1994 ndi msasa wa anthu othawa kwawo, inali ndende ya omangidwa pa zifukwa za ndale, ambiri osazengedwa mlandu ndiponso osauzidwa tsiku lotuluka. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, mtsogoleri watsopano wa dziko Bakili Muluzi anakana kusainira kuti munthu anyongedwe, ndipo anasintha zilango za ambiri kukhala za moyo wonse. Atsogoleri onse omutsatira nawonso sanasainire. Chingwe chinapuma, koma gawo 210 linapitiriza kudzaza ndende ya Zomba.

Kusintha kunayamba ndi mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake 5, omwe anasumira boma ponena kuti chilango chokakamiza choterechi chikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Pa 27 Epulo 2007 oweruza atatu a Bwalo Lalikulu anagwirizana nawo. Anati kupereka imfa popanda kumva za moyo wa wolakwayo ndi momwe mlandu unachitikira ndi nkhanza zoletsedwa ndi gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko, komanso kumaphwanya ufulu wozengedwa mlandu mwachilungamo, popeza kugamula chilango ndi mbali ya mlandu womwewo. Bwalolo silinathetse chilango chonyongedwa, linangochotsa chikakamizo. Chaka chomwecho Bwalo Lalikulu la Apilo linavomereza mfundoyi pa mlandu wa Twoboy Jacob, ndipo mu 2010, pa mlandu wa McLemonce Yasini, linanena momveka kuti onse omwe analandira chilango chokakamizachi ali ndi ufulu wobwereranso ku Bwalo Lalikulu kuti chilango chawo chikaunikidwenso, ndi kuti udindo wowabweretsa uli m'manja mwa mkulu woimira boma pa milandu. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakonza gawo 210 kuti lizinena imfa kapena kukhala kundende moyo wonse, ndipo makhothi amalimva kuti limenelo ndi denga chabe, woweruza angathe kupereka zaka zowerengeka.

Chigamulo chinalipo, koma kwa zaka pafupifupi 8 palibe chooneka chinachitika. Akaidi oyenera kumvedwanso anali pafupifupi 190, ndipo ena anamwalira akudikira. Maloya a boma othandiza osauka anali ochepa, ndalama zonyamulira mboni kunalibe, ndipo panalibe ndondomeko yonena kuti mlandu wotere uziyenda bwanji. Ntchito inayamba kuyenda bungwe la Malawi Human Rights Commission litasonkhanitsa mbali zonse ndi thandizo la thumba la Tilitonse: makhothi, ofesi ya mkulu woimira boma pa milandu, Legal Aid Bureau, nthambi ya ndende, Malawi Law Society, sukulu ya malamulo ya ku Chancellor College, mabungwe a PASI ndi CHREAA, pamodzi ndi Reprieve ya ku Britain ndi sukulu ya malamulo ya Cornell ya ku America. Milandu yoyamba inamvedwa ku Zomba kumayambiriro kwa 2015.

Pa kuunikanso kotere bwalo silifunsanso ngati munthu anapha kapena ayi. Funso ndi limodzi: chilango chomuyenera ndi chotani? Woweruza amayamba ndi mlandu weniweniwo, kuona ngati unali wokonzekera, chida chomwe chinagwiritsidwa ntchito, ngati wophedwayo anazunzidwa kapena anali mwana, ngati panali kuputana kapena kuledzera, ndiponso mbali yomwe wolakwayo anatengapo ngati anali m'gulu. Kenaka amatembenukira kwa munthuyo: msinkhu wake pa nthawiyo, ngati kanali koyamba kupalamula, thanzi la m'mutu, umphawi ndi nkhanza zomwe anakuliramo, kudzipereka yekha kupolisi, ndi kulapa. Makhothi anakhazikitsa kuti imfa ndi ya mlandu woipitsitsa mwa yoipa, ndipo boma ndilo liyenera kutsimikiza kuti mlanduwo wafika pamenepo. Panali kusiyana maganizo pakati pa oweruza pa nkhani ya khalidwe la mkaidi m'ndende. Ena ankati bwalo lidziike pa tsiku lomwe munthu anapezeka wolakwa ndi kuiwala zonse za pambuyo pake. Ena ankati nkosatheka kutseka maso pa zaka 15 kapena 20 zomwe munthu wakhala akuphunzitsa anzake, kusoka, kupala matabwa kapena kutsogolera mapemphero. Maganizo achiwiriwa ndiwo anapambana m'zigamulo zambiri, ndipo ndi omveka, pakuti cholinga cha kuunikanso ndi kuona munthu yemwe waima pamaso pa bwalo lero. Oweruza anawerengeranso kuchedwa kwa boma kumvera chigamulo cha 2007 komanso mkhalidwe wa ndende, womwe Bwalo Lalikulu linautsutsa mu 2009 pa mlandu wa Gable Masangano chifukwa cha kuthithikana ndi kuchepa kwa chakudya.

Umboni wambiri wotere sunali m'mafayilo. Unali kumudzi. Athandizi a zamalamulo a PASI ndi CHREAA ankayenda m'midzi ya akaidi m'dziko lonse kukacheza ndi amayi, alongo, atsibweni, aphunzitsi akale, akulu a mpingo ndi anyakwawa. M'dera ngati la Dowa ndi Ntchisi, komwe ubale umatsata kuchikazi, wodziwa bwino mbiri ya munthu nthawi zambiri ndi mwinimbumba, ndipo mwamuna yemwe anapalamula ali pachikamwini ali ndi midzi iwiri yofunika kuifikira: komwe anabadwira ndi komwe magazi anakhetsedwa. Mafunso ake ndi ooneka ngati wamba koma olemera pamaso pa bwalo. Kodi anabadwa chaka chanji, kapena m'nyengo ya njala iti, popeza ambiri analibe chiphaso cha kubadwa? Kodi ankagwa khunyu, anadwalapo malungo aakulu ali mwana, analekezera kalasi yanji? Mayankho otere anaulula kuti ena anagamulidwa imfa ali ana pomwe lamulo limaletsa, ndipo ena anali ndi matenda a m'mutu omwe palibe anawafunsa pa mlandu woyamba. Madokotala ndi azachipatala ophunzitsidwa ankayeza akaidiwo ndi kulemba malipoti. Abale a wophedwa nawonso ankafunsidwa, popeza gawo 321J la malamulo a kazengedwe ka milandu limalola bwalo kumva mbali yawo lisanapereke chilango. Ena anakhululuka, ena anakana, ndipo mawu awo sanali chigamulo koma ankayezedwa pamodzi ndi zina zonse.

Vuto lalikulu linali la mafayilo osowa. Pa milandu yambiri zolemba za bwalo loyamba zinatayika, zina zonse, zina mbali chabe. Oweruza anagwirizana kuti kusowa kwa fayilo si mlandu wa mkaidi, choncho sikungamulepheretse kumvedwa, ndipo pomwe pali chikayiko chifukwa cha kusowako, chikayikocho chimukomere iyeyo. Apa mpomwe ofuna chilango chokhwima ankadandaula kuti ena apepukidwa kuposa momwe anayenera. Dandauloli si lopanda pake, koma njira ina yomwe inalipo inali kusunga munthu mpaka imfa chifukwa cha pepala lomwe boma lomwelo linataya.

Tsiku lotulukira limapezeka ndi masamu osavuta. Bwalo limatchula zaka ndi kunena kuti ziyambe kuwerengedwa pa tsiku lomwe munthu anamangidwa, kuti nthawi ya pa limandi isapite pachabe. Kenaka lamulo la ndende la nthawi ya milanduyi linkalola kuchotsera mkaidi wa khalidwe labwino gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake. Mwachitsanzo, wopatsidwa zaka 24 atamangidwa mu 1999 amayenera kugwira zaka 16, kotero pofika 2015 nthawi yake inali itakwana. Pa milandu ina woweruza sankatchula n'komwe nambala, ankangolamula chilango chopangitsa kuti munthuyo atuluke tsiku lomwelo. Pofika 2018 akaidi oposa 150 anali atamvedwanso. Palibe ngakhale mmodzi yemwe anapatsidwanso imfa, oposa 120 anali atatuluka, ndipo pafupifupi onse otsalawo anapatsidwa zaka zowerengeka.

Kutuluka pachipata cha ndende si mapeto a nkhani. Munthu wobwerera kwa Chiwere, kwa Msakambewa, kwa Kalumo kapena kwa Kasakula patapita zaka 20 angapeze munda wake ukulimidwa ndi ena, mkazi atakwatiwa kwina, makolo atagona kumanda. Ngati anali mkamwini, malo ake pamudzi wa mkazi anatha kalekale, ndipo ayenera kubwerera kwa alongo ake. Mtendere wake umadalira kwambiri nyakwawa ndi gulupu, omwe amagawa malo ndi kukhazika pansi mabanja awiriwo, nthawi zina ndi chipepeso monga mwa mwambo. Pozindikira izi, athandizi a zamalamulo ankayamba kukambirana ndi mudzi mkaidi asanatuluke, kuti anthu asadzidzimuke kapena kuganiza kuti wathawa kapena wagula chilungamo. Mu 2017 PASI ndi Cornell anafunsa mafumu 102 a m'midzi yomwe inakhudzidwa ndi milanduyi, ndipo 6 okha ndiwo anati wopha mnzake azinyongedwa. Kafukufukuyu anali wa mafumu omwe anadzionera okha nkhaniyi pakhomo, kotero sangaimire maganizo a Amalawi onse. Komabe akusonyeza kuti omwe amakhala ndi munthu wobwerayo tsiku ndi tsiku saopa monga momwe andale amanenera.

Ntchito younikanso zilangoyi, yochokera pa mlandu wa Kafantayeni, inali ya gulu limodzi lokha, la omwe anagamulidwa ndi lamulo lokakamiza lisanathe. Makhothi sanasiye kupereka zilango zopanda tsiku. M'zaka zomwe kuphedwa kwa anthu achialubino kunakula, ena anagamulidwa imfa mu 2019, ndipo mu 2022 anthu 5 anapatsidwa moyo wonse pa imfa ya MacDonald Masambuka wa ku Machinga. Pa 28 Epulo 2021 Bwalo Lalikulu la Apilo, pa mlandu wa Charles Khoviwa, linatulutsa chigamulo chomwe chinamveka ngati chathetseratu chilango chonyongedwa, koma mu Ogasiti chaka chomwecho oweruza ena a bwalolo anafotokoza kuti funso limenelo silinali pamaso pawo ndipo chilangocho chidakalipo. Mu 2022 mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anasintha zilango za imfa za akaidi oposa 20 kukhala za moyo wonse. Chifundo chotere chimachotsa munthu pa mzere wa chingwe ndi kumuika pa mzere wina wopanda tsiku.

Pansi pa lamulo lakale la ndende, la m'zaka za m'ma 1950, wa moyo wonse anali ndi makomo awiri okha. Kuchotsera masiku sikunkamukhudza, chifukwa palibe angawerengere gawo limodzi mwa magawo atatu a moyo wa munthu. Khomo loyamba linali chilolezo cha nduna chomutulutsa ndi malamulo oti azitsata, chomwe chinkatha kulandidwa nthawi iliyonse. Lachiwiri ndi mphamvu ya mtsogoleri wa dziko yokhululukira akaidi, yomwe ili mu gawo 89 la malamulo oyendetsera dziko ndipo amaigwiritsa ntchito pokambirana ndi komiti yolangiza momwe mumakhala nduna za boma. Kukhululukaku kumachitika kawirikawiri pa 6 Julayi, pa Khirisimasi kapena pa Pasaka, ndipo zikalata za boma zimakonda kunena kuti opindula ndi a milandu ing'onoing'ono omwe agwira theka la chilango chawo, kapena okalamba ndi odwala kwambiri. Wa moyo wonse alibe theka. Katswiri wa malamulo Esther Gumboh analemba mu 2014 kuti makomo onsewa ali m'manja mwa andale, alibe nthawi yoikika yoti nkhani ya mkaidi iunikidwe, sapatsa mkaidi mpata wolankhula, ndipo sakakamiza aliyense kupereka zifukwa akakana. Kufooka kwake kumapweteka mbali zonse: mkaidi wosauka wa kumapiri alibe womukumbutsira dzina lake ku Lilongwe, ndipo abale a wophedwa angangomva pa wailesi kuti wina watuluka popanda kufunsidwa.

Kwa ana a mtundu wachitatu uja zinthu zinasinthako ndi lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010, lomwe linakhazikitsa bungwe lounika nkhani za ana osungidwa m'malo osinthira khalidwe monga Mpemba ndi Chilwa.

Maiko ena anayankha funsoli m'njira zosiyana. Ku Mozambique chilango chonyongedwa chinatha mu 1990, ndipo malamulo oyendetsera dzikolo amaletsa chilango cha moyo wonse kapena chopanda malire. Ku South Africa wa moyo wonse amayamba kuganiziridwa zotuluka akagwira zaka 25. Ku Zimbabwe bwalo la malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 2016, pa mlandu wa Makoni, kuti kutsekera munthu moyo wonse popanda mwayi woti nkhani yake idzaunikidwe ndi kuphwanya ulemu wa umunthu, mfundo yofanana ndi ya bwalo la ufulu wa anthu la ku Ulaya pa mlandu wa Vinter mu 2013. Ku England nduna ndiyo inkaika zaka zochepetsetsa za wopha mnzake mpaka 2002, pomwe makhothi anati imeneyo ndi ntchito ya woweruza. Tsopano woweruza amatchula zakazo poyera, ndipo zikakwana bungwe loima palokha limaona ngati munthuyo akadali woopsa. Zambia inathetsa chilango chonyongedwa mu Disembala 2022 ndipo Zimbabwe mu Disembala 2024, zomwe zikutanthauza kuti m'chigawo chino funso la moyo wonse likulowa m'malo mwa funso la chingwe. M'njira zonsezi mwayi wounikidwa si lonjezo lotuluka. Wopezeka kuti akadali woopsa amatsala m'ndende, ndipo nkhani yake imadzaonedwanso pa nthawi ina yoikika.

Mu 2025 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza lamulo latsopano la ndende lolowa m'malo mwa la atsamunda lija, ndipo mwa zina likubweretsa dongosolo la parole, lotulutsa mkaidi nthawi isanathe kuti akamalizire chilango kwawo akuyang'aniridwa. Phindu la dongosolo lotere kwa opezeka olakwa pa mlandu wakupha limadalira zinthu zomwe ntchito ya Kafantayeni inazipeza zosowa. Pamafunika zolemba zosungidwa bwino kuyambira tsiku lomangidwa, malipoti a khalidwe olembedwa chaka ndi chaka osati ongokumbukira, ndi oyeza thanzi la m'mutu okwanira. Pamafunikanso wina woti akwere njinga kukafika kwa Chikho kapena kwa Kayembe kukamva mudzi ndi abale a wophedwa bungwe lisanagamule, ndi kubwererakonso munthuyo atatuluka. M'maboma a Dowa ndi Ntchisi ntchito imeneyi imagwera maofesi a zachisamaliro cha anthu, apolisi a m'madera ndi mafumu, omwe ali kale ndi milandu ya ana, ya malo ndi ya mabanja. Ndalama za thumba la Tilitonse zinali za nthawi yochepa ndi za akaidi owerengeka, pomwe kuunika zilango za moyo wonse ndi ntchito ya chaka chilichonse yofunika mzere wakewake mu bajeti ya boma.